Manja omwewo, malipiro osiyana: zomwe anthu a ku Poland akumana nazo pa ntchito kunja

Chaka chilichonse, chimanga chikalowa m'nkhokwe ndipo mbatata ya kachewere ikatha kukumbidwa, achinyamata ena a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amamanga katundu. Ena amaolokera ku Malawi kukagwira ntchito m'maesiteti a fodya, ena amalowera ku Zimbabwe, ena amapitirira mpaka ku Joni. Pobwerako nkhani zimasiyana. Wina amafika ndi malata ndi njinga yamoto, mnzake amafika ndi chikwama chokha, ngongole ili pamsana. Kumudzi timangoti uyu anapeza bwana wabwino, uyo analibe mwayi.

Mwayi ulipo ndithu. Koma pali china chomwe sitikamba kawirikawiri: malamulo ndi mabungwe omwe amayendetsa ntchito m'dziko lomwe munthu wapitako. Kuti zimenezi zioneke bwino, lero tikutengerani kutali, ku Ulaya, kwa anthu a dziko la Poland, lomwe pa Chipwitikizi timati Polónia. Tawasankha chifukwa anachoka kwawo ochuluka pa nthawi imodzi, ambiri ali ndi mapepala ovomerezeka, n'kumwazikira m'mayiko a malamulo osiyana. Zili ngati mbewu ya m'thumba limodzi yodzalidwa m'minda isanu. Zokolola zikasiyana, mlimi amayang'ana nthaka.

Mmene ulendo unayambira

Pa 1 Meyi 2004, Poland inalowa mu European Union, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, pamodzi ndi mayiko ena asanu ndi anayi. Nthawi imeneyo ntchito zinali zosowa kwambiri ku Poland: pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse ofuna ntchito ankangokhala. Mayiko atatu, Britain, Ireland ndi Sweden, anatsegula zitseko tsiku lomwelo. Ena anatsegula pang'onopang'ono. Netherlands inadikira mpaka 2007, pomwe Germany ndi Austria anadikira zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka Meyi 2011. Norway ndi Iceland sali mu European Union, koma ali ndi pangano lomwe limawalowetsa mu msika womwewo wa ntchito, choncho nawonso analandira anthu ambiri.

Pofika 2007, anthu a ku Poland oposa 2 miliyoni ankakhala kunja. Kalembera wa 2011 anapeza anthu 579,000 obadwira ku Poland akukhala ku England ndi Wales kokha. Ku Norway ndi ku Iceland, iwo ndi gulu lalikulu kuposa alendo ena onse. Ntchito zawo zambiri ndi zodziwika kwa ife: kumanga nyumba, kuthyola zipatso ndi ndiwo m'minda, kupha ndi kudula nyama, kukonza nsomba, kusesa ndi kukolopa, kunyamula katundu m'nyumba zosungiramo malonda.

Ngakhale kutseka chitseko kunali ndi zotsatira zake. Pa zaka zomwe Germany inkaletsa kulembedwa ntchito mwachindunji, anthu sanasiye kupitako. Ankalowa ngati antchito a nyengo yokolola, kapena ngati otumidwa ndi kampani ya kwawo, kapenanso ankalembetsa ngati eni bizinesi ya munthu mmodzi. Wolembetsa choncho amaoneka ngati bwana papepala, koma pa malo a ntchito amalamulidwa ndi kapitawo ngati wina aliyense, ndipo alibe tchuthi cholipidwa kapena chitetezo cha wantchito.

Ndani amaika malipiro otsikitsitsa?

Funso loyamba m'dziko lililonse ndi lakuti: pali mlingo womwe bwana saloledwa kutsikirapo? Ndipo amauika ndani? Mayiko atatu a kumpoto kwa Ulaya akutiphunzitsa zambiri pano, chifukwa onse ndi olemera, onse ali ndi mabungwe amphamvu a ogwira ntchito, omwe kuno timati masindikato, ndipo onse alibe lamulo limodzi la boma lotchula ndalama yotsikitsitsa ya dziko lonse. Malipiro amagwirizana ndi masindikato ndi mabungwe a olemba ntchito. Kusiyana kuli pa yemwe panganolo limamufikira.

Ku Iceland, lamulo la 1980 limanena kuti malipiro omwe agwirizana m'pangano ndiwo otsikitsitsa kwa aliyense wogwira ntchito ya mtundu umenewo, kaya ndi wa sindikato kapena ayi, kaya ndi mbadwa kapena mlendo. Antchito pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse ali m'masindikato. Mlendo akangofika amapeza pansi polimba. Vuto lake ndi lakuti ambiri amasiyidwa pansi pomwepo. Mmisiri wodziwa ntchito yake amatha kulembedwa ngati wothandizira chabe, n'kumalandira ndalama ya woyamba kumene. Ndipo mabanki a dzikolo atagwa mu 2008, ntchito zomanga zinaima, anthu a ku Poland n'kukhala m'gulu la oyamba kuchotsedwa.

Ku Denmark zinthu ndi zina. Pangano limamanga bwana yekhayo amene analisainira kapena amene ali m'bungwe lomwe linasainira. Amene sanasainire sakakamizidwa ndi lamulo kulipira ndalama ina iliyonse yotchulidwa. Chomwe chimamukakamiza ndi mphamvu ya masindikato: amaloledwa kumutsekera, moti mamembala awo sakagwira ntchito kwa iye, ndipo masindikato ena amatha kuthandizira pokana kumubweretsera katundu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ku Denmark denga lonse lasenzedwa ndi masindikato. Munthu wa ku Poland amene wagwera pa kampani yomwe inasainira amalandira bwino. Amene wagwera pa famu kapena pa kampani yaing'ono yomwe sindikato sinafikeko amatha kulandira zochepa kwambiri, bwanayo osaphwanya lamulo la malipiro lililonse.

Norway inatenga njira ya pakati. Mu 1993 inakhazikitsa lamulo lolola komiti ya boma kutenga malipiro a m'pangano n'kuwasandutsa okakamiza kwa onse m'gawo limodzi la ntchito, ngati pali umboni woti alendo akulipidwa mochepera. Lamuloli linagona zaka khumi osagwiritsidwa ntchito. Linadzuka mu 2004, alendo atayamba kuchuluka. Ntchito zomanga m'dziko lonse zinalowamo mu 2007, malo opangira sitima zapamadzi mu 2008, ulimi mu 2010, ntchito zoyeretsa mu 2011, mafakitale a nsomba mu 2015. Choncho ku Norway chitetezo chimadalira gawo lomwe munthu ali. Womanga nyumba anachipeza msanga, wothyola zipatso anadikira zaka zitatu zina, ndipo magawo ena alibe mpaka lero.

Britain ndi Germany ali ndi malipiro otsikitsitsa oikidwa ndi boma. Britain inayamba mu 1999. Germany inachedwa mpaka 1 Januwale 2015, pomwe inaika mayuro 8.50 pa ola. Chaka chimenecho chisanafike, m'magawo omwe munalibe pangano lokakamiza, wantchito ankalandira zomwe bwana wanena.

Tiyerekeze tsono amuna atatu a m'mudzi umodzi ku Poland, onse amisiri a njerwa, onse akhama mofanana. Wa ku Reykjavik ali ndi mlingo womuteteza koma kukwera n'kovuta. Wa ku Copenhagen akhoza kupeza zambiri kapena zochepa kwambiri, malinga ndi kampani. Wa ku Oslo watetezedwa malinga ngati ali pa ntchito yomanga yolembedwa. Manja ndi omwewo.

Bwana weniweni ndi uti?

Funso lachiwiri ndi lomwe limasokoneza anthu ambiri. Munthu amadzuka m'mawa n'kupita ku fakitale imodzi tsiku lililonse, koma kontrato yake sinalembedwe ndi mwini fakitaleyo. Pali njira zitatu zomwe zimachitikira.

Yoyamba ndi kampani zamkhalapakati zomwe zimalemba anthu n'kumawabwereketsa kwa ena. Ntchito ikachepa, fakitale imangouza mkhalapakati kuti mawa asatumize anthu, basi. Ku Britain, kuyambira Okutobala 2011, wobwereketsedwa choncho amayenera kulandira mofanana ndi wolembedwa mwachindunji akatha milungu 12 pa ntchito imodzi. Milungu 12 isanathe, kusiyana kumaloledwa.

Yachiwiri ndi kutumidwa. Kampani ya ku Poland imapata ntchito ku Norway kapena ku Germany, n'kutumiza antchito ake kwa kanthawi. Ndalama za inshuwalansi ndi penshoni zimalipidwa ku Poland, komwe n'zotsika, choncho kampaniyo imatchipa. Lamulo la European Union la 1996 linkangoti otumidwa alandire malipiro otsikitsitsa a dziko lomwe apitako. Linakonzedwa mu 2018, ndipo kuyambira Julayi 2020 amayenera kulandira malipiro onse omwe malamulo a kumeneko amapatsa mbadwa pa ntchito yomweyo.

Yachitatu ndi unyolo wa makampani. Mwini ntchito amapereka gawo kwa kampani ina, iyo n'kupatsira ina, iyonso n'kupatsira ina. Aliyense amadulapo pake. Malipiro akasowa, wantchito akafunsa, wa pamwamba amati sindikukudziwa, wa pansi watseka ofesi.

Ku Germany unyolo umenewu unazika mizu m'mafakitale a nyama. Mu Juni 2020, matenda a Covid-19 anabuka pa fakitale yophera nkhumba ya Tönnies ku Rheda-Wiedenbrück, ndipo antchito oposa 1,500 anapezeka nawo. Ambiri anali ochokera ku Romania, Poland ndi Bulgaria, olembedwa ndi makampani a pansi pa unyolo, ogona mothithikana. Boma linasintha lamulo. Kuyambira 1 Januwale 2021, fakitale yaikulu ya nyama siloledwa kupereka ntchito yopha ndi kudula nyama kwa kampani ina: iyenera kulemba anthu ake yokha. Anthu omwewo, mipeni yomweyo, koma tsopano dzina la bwana pa kontrato ndi lomwe lili pa geti.

Norway inagwira unyolowo mwa njira ina. Kuyambira 2010, m'magawo omwe malipiro ndi okakamiza, wantchito amene sanalipidwe akhoza kukalonjerera ndalama zake kwa kampani iliyonse ya pamwamba pa unyolo. Zimenezi zimapangitsa kontrakitala wamkulu kusamala yemwe akumupatsa ntchito, chifukwa ngongole ya wa pansi ikhoza kugwera iye.

Lamulo lopanda woyendera

Funso lachitatu: ndani amabwera kudzaona ngati zolembedwazo zikutsatidwa? Ku Britain yankho linabwera pambuyo pa maliro. Mu Febuluwale 2004, anthu osachepera 21 ochokera ku China anamira ku Morecambe Bay akutola nkhono za m'nyanja usiku, atatumidwa ndi munthu wowalemba mwachinyengo. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inavomereza lamulo loti aliyense wopereka antchito ku minda, ku mafakitale okonza ndi kulongedza chakudya, ndi kotola nkhono, akhale ndi chiphaso cha boma. Wochita zimenezi popanda chiphaso akhoza kumangidwa mpaka zaka 10. Bungwe loona za ziphasozi linayamba mu 2005, nthawi yomwe anthu a ku Poland ankadzaza minda ya kum'mawa kwa England. Koma chiphasocho sichinakhudze ntchito zomanga kapena zoyeretsa, komwenso kunali alendo ambiri.

Ku Norway kuli ofesi yoyendera malo a ntchito yotchedwa Arbeidstilsynet. Wogwira ntchito yomanga aliyense amayenera kukhala ndi khadi losonyeza dzina lake ndi kampani yomwe inamulemba, kuti woyendera akafika adziwe womufunsa. Kuyambira 2022, kubera wantchito malipiro mwadala ndi mlandu womangitsa.

Ngakhale zili choncho, pali malo omwe woyendera safika. Mayi wa ku Poland amene amakolopa m'nyumba za anthu ku Oslo, kulandira ndalama m'manja popanda pepala, amakhala m'dziko la malamulo abwino koma malamulowo samamuona. Akadwala palibe chomwe amalandira. Chimodzimodzi bambo amene amapenta nyumba za anthu mobisa. Chilankhulo nachonso chimatchinga: amene sadziwa kuwerenga pepala la malipiro sangadziwe kuti maola ake owonjezera sanawerengedwe. N'chifukwa chake masindikato ena ku Norway, Denmark ndi Britain analemba anthu olankhula chinenero cha ku Poland kuti azikumana ndi antchito.

Bedi ndi ntchito m'dzanja limodzi

Funso lachinayi ndi la pogona. Ku Netherlands, anthu ambiri a ku Poland amagwira ntchito m'nyumba zagalasi zolimamo tomato ndi maluwa m'dera la Westland, m'mafakitale a nyama ndi m'nyumba zosungiramo katundu. Ambiri amabwera kudzera mwa amkhalapakati. Dzikolo linathetsa ziphaso za makampani oterewa mu 1998, ndipo pambuyo pake anachuluka zedi. Mkhalapakati amapereka ntchito, bedi, galimoto yopita kuntchito ndi inshuwalansi ya chipatala, zonse n'kumadula pa malipiro.

Kwa munthu wofika kumene, wosadziwa chilankhulo, zimenezi zimaoneka ngati thandizo. Koma ntchito ikatha, bedi limathanso. Munthu wodziwa kuti akadandaula lero mawa agona panja amakhala chete, ngakhale lamulo likhale kumbali yake. Mu 2020, komiti yotsogozedwa ndi Emile Roemer inauza boma kuti lilekanitse ziwirizi. Kuyambira Julayi 2023, lamulo limafuna kuti kontrato ya nyumba ya mlendo ikhale yosiyana ndi kontrato ya ntchito. Britain nayo inaika malire pa ndalama ya nyumba yomwe bwana angawerengere ngati gawo la malipiro otsikitsitsa.

Zikutikhudza bwanji kuno?

Ena a inu munganene kuti Ulaya ndi kutali. N'zoona, ndipo anthu a ku Poland ali ndi ufulu womwe ambiri a ife tilibe tikaoloka malire: amalowa ndi kukhala mwalamulo m'mayiko a mgwirizanowo, amasintha bwana popanda kuopa kuthamangitsidwa. Ku Britain ufulu umenewu unatha kwa obwera kumene pa mapeto a 2020, dzikolo litatuluka mu European Union. Mfundo ndi yakuti ngakhale ali ndi mapepala, moyo wawo wa pa ntchito unasiyana malinga ndi mayankho a mafunso anayi aja. Nanga kuli bwanji wopanda mapepala?

Mozambique ikudziwa kale nkhaniyi. Agogo athu omwe anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela sankalandira ndalama zonse m'manja. Gawo lina linkasungidwa kuti akalandirire kwawo, malinga ndi mapangano a pakati pa maboma. Achinyamata omwe anapita ku East Germany pa pangano la 1979 nawonso ankadulidwa gawo la malipiro n'cholinga choti adzalipeze pobwerera. Anabwerera dzikolo litatha mu 1990, ndipo mpaka pano ena mwa iwo, omwe timawatcha Madgermanes, amaguba ku Maputo kufunsa ndalama zawo. Zomwe zinawachitikira zinachokera m'mapepala omwe anasainidwa iwo asanakwere ndege.

Malamulo a m'mayiko omwe timapitako nawonso amasintha, ndipo ndi bwino kuwadziwa. South Africa ili ndi malipiro otsikitsitsa a dziko lonse kuyambira 1 Januwale 2019, omwe anayambira pa marandi 20 pa ola. Antchito a m'minda anayamba ndi ochepera, koma kuyambira 2021 amalandira mlingo womwewo. Kulinso bungwe la CCMA lomwe limamva madandaulo a antchito. Ku Malawi, nyumba ya malamulo inathetsa mu 2021 mchitidwe wa matenanti, womwe banja lonse limalima fodya chaka chathunthu n'kudzalipidwa fodya akagulitsidwa, bwana atachotsa chakudya ndi zina zomwe anawakongoza. Kuno kwathu malipiro otsikitsitsa amaikidwa gawo ndi gawo, ulimi uli ndi wakewake, ndipo ofesi ya Inspecção-Geral do Trabalho ndiyo imayendera malo a ntchito. Monga taonera ku Ulaya, lamulo kukhalapo ndi chinthu china, kufika pa famu ya kutali ndi chinthu chinanso.

Poland nayo inatembenuka. Lero ntchito ziliko, ndipo dzikolo likulandira anthu ambiri ochokera ku Ukraine ndi mayiko ena. Mafunso omwe ana ake ankafunsa ku Oslo ndi ku London tsopano akufunsidwa ku Warsaw. Mu 2017 boma linaika ndalama yotsikitsitsa ya pa ola ngakhale kwa olembedwa pa makontrato a ganyu, omwe kale analibe mlingo uliwonse.

Choncho inu amene mukukonzeka ulendo, ndi inu makolo amene mukuperekeza ana pa siteji, musafunse kuchuluka kwa ndalama kokha. Funsani kuti malipiro otsikitsitsa a ntchito imeneyo ndi angati m'dzikolo, pa ola kapena pa mwezi, ndipo adzaperekedwa liti. Funsani dzina la yemwe adzakulembeni, ngati ndi mwini munda kapena munthu wongokutengani kuno. Funsani ofesi kapena sindikato yomwe ili pafupi, komwe mungapite ndalama zikapanda kutuluka. Funsani za pogona ndi chakudya: zidzadulidwa zingati, ndipo ntchito ikatha mudzapatsidwa masiku angati. Chiphaso chanu chikhale m'thumba mwanu, osati mwa kapitawo. Lembani m'kabuku masiku ndi maola omwe mwagwira, chifukwa tsiku la mlandu kabukuko ndi komwe kadzakuyankhulireni. Akulu anati safunsa anadya phula.